MUSANAGULE NYUMBA KU ZOMBA, YAMBANI MWADZIWA MWINI NTHAKA

Anthu ambiri masiku ano ali kufunitsitsa kukhala ndi nyumba yawoyawo mu mzinda wa Zomba. Ena ndi antchito a Boma amene atsala pang'ono kupuma, ena ndi amalonda, ndipo enanso akufuna nyumba zochititsa lendi kwa ana a sukulu, amene akhala akuchulukirachulukira chifikire Chancellor College mu 1973. Mtima wotere ndi wabwino ndithu. Koma tsono awerengi athu ayenera kudziwa kuti pa malamulo, munthu wogula nyumba sagula njerwa ndi malata okha ayi, koma ufulu wokhala pa nthaka imene nyumbayo yaimapo. Ngati wogulitsa alibe ufuluwo, wogulanso sangaulandire, ngakhale atalipira ndalama zochuluka chotani.

Nthaka ya Zomba ili ndi eni ambiri

Zomba ndi mzinda wakale. Unali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891 kufikira mu 1975, pamene Boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo mbiri imeneyi inasiya nthaka ya mitundumitundu. Alipo malo ena amene umwini wake unachokera ku zikalata zimene Harry Johnston anayamba kupatsa Azungu mu 1892, ndipo umwini wotere ulibe malire a zaka. Malamulo a tsopano salola kupereka mwatsopano umwini wa mtundu umenewu. Malo ena ndi a Boma, amene Unduna wa za Malo umabwereketsa pa lisi, kawirikawiri ya zaka 99. Ena ali m'manja mwa bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ena amayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda. Kunja kwa malire a mzinda kuli nthaka ya makolo, ya kwa mafumu monga a Mlumbe, a Malemia ndi a Chikowi.

Chotero funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: kodi nthaka iyi ili pansi pa yani, ndipo chikalata chake chili kuti? Munthu wofuna nyumba ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Kalimbuka asaganize kuti yankho lidzakhala limodzimodzi konseko.

Kodi kalata ya amfumu ikwanira?

Mafumu ndi ofunika kuwapatsa ulemu, ndipo umboni wawo pa mbiri ya malo ndi wothandiza. Komabe lamulo la mafumu la mu 1967 linaneneratu kuti mfumu siikhala ndi ulamuliro m'kati mwa mzinda popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo. Motero kapepala ka chidindo cha mfumu sikapatsa munthu umwini wa puloti ya m'tauni. Ku midzi nako, lamulo la nthaka ya makolo la mu 2016 linaika ntchito yogawa ndi kulembetsa malo m'manja mwa makomiti a malo, mmene mumakhala amuna ndi akazi osankhidwa ndi anthu a m'mudzi. Ndiponso kuno, kumene mabanja ambiri amatsata chikamwini, munda kapena bwalo limakhala la mbumba yonse. Amene agula kwa mkamwini kapena kwa mphwake wa mwini mbumba mseri, adziwe kuti wagula mlandu.

Nanga pamwamba pa phiri?

Phiri la Zomba limakopa anthu chifukwa cha mphepo yake yozizira, dziwe la Mulunguzi ndi hotela ya Ku Chawe. Koma mbali yaikulu ya phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira m'nthawi ya atsamunda, ndipo nkhalango yotere ndi nthaka ya dziko lonse, imene munthu wamba sangaigulitse. Wina akakuuzani kuti akudulirani puloti pakati pa mitengo ya paini, muthaweni. Wofuna imodzi mwa nyumba zowerengeka zimene zinamangidwa kale pamwambapo aonetsetse chikalata chake, ndipo ngati ndi lisi adziwe zaka zimene zatsala ndi zimene lisiyo imaletsa. M'munsi mwa phiri namonso, anthu a Zomba sanaiwale Napolo wa mu December 1946, amene anagumula phiri ndi kukokolola milatho, ngakhalenso namondwe Freddy wa mu 2023. Nyumba yomangidwa pa mtsetse kapena m'mbali mwa Likangala popanda mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo ili pa ngozi ziwiri: ya madzi ndi ya lamulo.

Njira yoyenera kutsata

Choyamba ndi kufufuza m'kaundula wa malo ku Unduna wa za Malo, kapena ku bungwe limene likuyang'anira malowo. Kumeneko kudzaoneka dzina la mwini weniweni, ndiponso ngati nyumbayo inaikidwa chikole pa ngongole ya ku banki. Ichi ndi chachikulu, pakuti chikole sichichoka pa nyumba chifukwa chakuti yagulitsidwa, ndipo banki ikhoza kuigulitsa wogula ali momwemo. Ndi chanzerunso kuitana woyeza malo kuti aone ngati mpanda ukugwirizana ndi mabikoni ndi mapu.

Chachiwiri, pangano lilembedwe ndi loya wokhala ndi chilolezo, litchule mtengo, masiku olipira ndi tsiku lolowa m'nyumba. Pangano la pakamwa la pansi pa mtengo wa mango ndi lovuta kuliimirira pa bwalo la milandu. Chachitatu, wogulitsa apemphe chilolezo cha Nduna ya za Malo, aonetse kalata yakuti alibe ngongole ya msonkho wa nyumba ku khonsolo, kalata ya bungwe lotolera misonkho la MRA, ndi malisiti a lendi ya nthaka. Pomaliza wogula alipire msonkho wa sitampa ndi kulembetsa dzina lake m'kaundula. Kufikira tsiku limenelo, m'mabuku a Boma nyumba ikadali ya mwini wakale, ndipo munthu wosakhulupirika akhoza kuigulitsa kachiwiri.

Ogulitsa nawo akumbukire kuti mu 2022 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la malo la mu 2016, kotero kuti tsopano nkoletsedwa kugulitsa nthaka kwa munthu amene si nzika ya Malawi, ndiponso kugulitsa puloti ya lisi imene sipanamangidwe kanthu.

Nyumba za masiye

Nyumba zina zimagulitsidwa mwini wake atamwalira, ndipo apa ndi pamene misozi imachuluka. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 likuti, ngati womwalira sanasiye wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Mwana woyamba kapena malume alibe mphamvu yogulitsa nyumba chifukwa cha ukulu wake wokha. Wogula apemphe kuona kalata ya bwalo la milandu yosonyeza munthu amene anapatsidwa udindo woyendetsa chumacho. Ngakhale mwini ali moyo, ndi bwino kuti mkazi kapena mwamuna wake avomereze ndi kusaina, kuopa kuti mawa angadzanene kuti nyumbayo anamangira limodzi.

Zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama pang'ono, ndipo adobadoba adzakuuzani kuti fulumirani chifukwa pali wina amene wabwera ndi ndalama m'manja. Musatekeseke nazo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu amene wasunga ndalama zaka makumi awiri sangalephere kudikira miyezi iwiri kapena itatu kuti dzina lake lilembedwe m'buku la Boma, ndipo ana ake adzagona m'nyumbamo popanda wowagogodera pa chitseko.