Nkhondo ya Kutali ndi Mtengo wa Feteleza

Alimi ambiri amafunsa kuti, "Kodi nkhondo ya ku Ulaya ikhudzana bwanji ndi munda wanga wa chimanga?" Tamverani tsono.

Feteleza wochuluka amene timathira m'minda mwathu amachokera kunja. Amadza pa zombo, natsikira pa madoko monga Beira ndi Nacala. Feteleza wa urea amapangidwa ndi gasi wofukulidwa pansi pa nthaka, ndipo Russia ndi limodzi mwa maiko amene amagulitsa kwambiri gasiyo ndi feteleza yemwe. Pamene Russia inathira nkhondo dziko la Ukraine mu February 2022, malonda anasokonezeka, mitengo nikwera m'maiko onse. Kuno kwathu vutolo linakula pakuti feteleza amagulidwa ndi madola, ndipo mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023.

Mlimi sangathe kuletsa nkhondo, koma angathe kudyetsa nthaka yake. Chifukwa chake musatenthe mapesi. Akwirireni kapena muwaunjike pamodzi ndi ndowe za m'khola kuti awole, asanduke manyowa. Bzalani mtedza, soya ndi nandolo mosinthana ndi chimanga, pakuti mizu ya mbewu zimenezi imaonjezera chonde. Mitengo ya nsangu musaidule. Feteleza wochepa amene mwagula mumuthire pa nthawi yake, m'munda wopalira bwino, kuti asadyedwe ndi udzu. Pofuna kudziwa muyeso woyenera, funsani alangizi a kwanu.