A kwaya, dzutsani mau musanayambe nyimbo

PA Sondo m'mawa, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, a kwaya ambiri ku Chipata, Katete, Petauke ndi kwina konse amafika pa chalichi belu litalira kale. Wina wacokera kothirira kudimba, wina wapalasa njinga mtunda wautali m'cisanu. Kungofika, ng'oma yagunda, nyimbo yolowera yayamba ndi mphamvu zonse. Pofika nthawi ya copereka, mai wotsogolera nyimbo wasasa mau, a tena ali kutsokomola.

Ena amati ndi cimfine, ena amayamba kuganizirana zoipa m'kwaya momwemo. Koma kawirikawiri vuto ndi lakuti mau agwiritsidwa nchito yolemetsa asanadzuke.

Mau amacokera m'kholingo. Mmenemo muli timinofu tiwiri tating'ono timene timagundana mpweya ukamatuluka m'mapapo. Mwamuna akamalankhula, timagundana nthawi zoposa 100 pa sekondi imodzi, mkazi pafupifupi 200. Sopulano akakweza nyimbo, ciwerengero cimapitirira 500. Munthu akangodzuka, timinofuti timakhala tisanamasuke ndipo pakhosi pamakhala pouma. Kutikakamiza tero sabata ndi sabata kumatitupitsa, ndipo pena pamamera timatotupa tolimba, monga momwe mpini wa khasu umalimbitsira zikhatho.

Anyamata a Chipolopolo sayamba mpira asanathamange-thamange kuti thupi litenthe. Woimba nayenso afunika mphindi 10 kapena 15 cabe, ndipo sizilira ndalama.

Coyamba, imirirani mowongoka, masulani mapewa, khosi ndi nsagwada, ndipo yasamulani kangapo. Kokani mpweya pang'onopang'ono kuti mimba itukuke, osati mapewa kukwera, ndi kuutulutsa mukunena "sss".

Caciwiri, imbani "mmm" citseke pakamwa, motsitsa, mpaka mumve milomo ndi mphuno zikunjenjemera. Mukatero njenjemeretsani milomo monga mwana woyerekeza kulira kwa thirakitala, mukukweza ndi kutsitsa mau. Anthu angakusekeni, koma njira imeneyi imadzutsa mau popanda kuwapweteka.

Cacitatu, imbani do, re, mi, fa, so kukwera ndi kutsika, kuyambira pakati pamene mau anu sabvutika. Kwerani pang'onopang'ono. Malizani ndi nyimbo yofewa imene onse aidziwa. Nyimbo yokweza kwambiri isakhale yoyambira pa maphunziro a kwaya.

Kudzutsa mau kokha sikukwanira ngati pakhosi sitipasamala. Imwani madzi kuyambira dzulo lace, cifukwa madzi omwa belu litalira sathandiza nthawi yomweyo. Cimene timeza cimadzera njira ya cakudya, sicikhudza timinofu tija. Cotero mazira aawisi amene ena amamwa salongosola mau, ndipo angathe kukutsegulani m'mimba. Tiyi wa uci kapena jinja amangoziziritsa pakhosi.

Inu alimi, cenjerani ndi pfumbi la popuntha ndi kupeta cimanga, utsi wa lupsa m'miyezi ya August ndi September, ndi utsi wa m'khichini. Mangani kansalu pamphuno. Fodya ndi kacasu ndi adani a woimba.

Pa maliro ndi pamene mau ambiri amathera. Kwaya imaimba usiku wonse pafupi ndi moto, m'utsi ndi mame, m'mawa ndi kuperekezanso bokosi kumanda. Gawanani m'magulu, ena aimbe ena apumule, ndipo wotsogolera nyimbo asakhale mmodzi yekha mpaka mbandakuca.

Mau akasasa, apumitseni. Musakakamize kuimba, ndipo kunong'ona nakonso kumatopetsa kholingo. Ngati papita masabata atatu mau osabwerera, pitani ku cipatala, makamaka ngati mukoka fodya, mutsokomola kosaleka kapena mubvutika kumeza. Pena kusasa mau ndi cizindikiro ca TB kapena khansa ya pakhosi, matenda amene amacizika bwino akapezeka msanga.

Pa 22 November a kwaya za Cikatolika amakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, ndipo m'maparishi ambiri tsikuli limakhala la nyimbo zocuruka. Aphunzitsi a kwaya, musadikire tsikulo. Panganani ndi oimba anu kuti kuyambira Sondo ikudzayi azifika mphindi 15 belu lisanalire, ndi kudzutsa mau pamodzi kuseri kwa chalichi. Mpingo udzamva kusiyana kwace pa nyimbo yotulukira.