Matalala akagwa, sola ya padenga ipulumuka?

Amene munakulira ku Mponela, Madisi, Mvera kapena Malomo mukuidziwa mvula yoyamba ya mu Novembala ndi Disembala. Masana kumatentha kwambiri, kenako mtambo wakuda bii umatulukira kuseri kwa phiri, mphepo n'kuyamba. Posakhalitsa padenga pamamveka phokoso ngati wina akuthira miyala pa malata. Amenewo ndi matalala. Abambo mtima umakhala uli ku fodya kumunda. Koma masiku ano pali nkhawa inanso: sola ija anagula atagulitsa soya, imene imatchaja foni ndi kuyatsa getsi lomwe mumawerengera pokonzekera mayeso a MSCE. Kodi galasi limenelija lingapirire?

Tiyambe ndi kumene matalala amachokera. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nthaka ikatentha, mpweya wofunda wokhala ndi chinyezi umakwera mwamphamvu, ndipo mapiri amauthandiza kukwera. Kumwamba kwenikweni kumazizira kupitirira 0°C, choncho timadontho ta madzi timaundana. Mpweya wokwera uja umagwira timibulu timeneti kuti tisagwe, kwinaku madzi ena akuundanira pamwamba pake. Tikalemera kwambiri moti mpweya sungathenso kutinyamula, timagwa. Ndiye kuti mpweya wokwerawo ukakhala wamphamvu, matalala amakulanso.

Nanga sola inapangidwa bwanji? Pamwamba pali galasi, nthawi zambiri lochindikala mamilimita 3.2. Si galasi la pawindo ayi. Popanga amalitenthetsa kwambiri n'kuliziziritsa mwadzidzidzi, ndipo limalimba kangapo kuposa galasi wamba. Pansi pake pali timaselo ta silikoni, topyapyala kwambiri, tomwe timasandutsa kuwala kukhala magetsi. Timaseloti amatimata ndi pulasitiki kuti madzi asalowe, ndipo m'mbali amaikamo felemu ya aluminiyamu.

Sola yabwino imayesedwa isanagulitsidwe. Pa muyezo wa padziko lonse wotchedwa IEC 61215, akatswiri amawombera sola ndi mibulu ya madzi oundana ya mamilimita 25, kukula ngati suku laling'ono, pa liwiro la mamita 23 pa sekondi. Amamenya malo 11 osiyanasiyana. Galasi likasweka kapena mphamvu ya magetsi ikatsika kwambiri, sola imeneyo yalephera mayeso.

Apa tsopano a Physics tulutsani cholembera. Mbulu wa mamilimita 25 umalemera pafupifupi magalamu 7.5. Mukagwiritsa ntchito ½mv², mupeza majoule pafupifupi 2. Tsopano tiyerekeze talala lokula kawiri, mamilimita 50, ngati dzira la nkhuku. Kulemera kwake sikuwirikiza kawiri, kumawirikiza ka 8. Limagwanso mofulumira, moti v² amawirikiza pafupifupi kawiri. Mphamvu yomenyera imakhala pafupifupi ka 16! N'chifukwa chake sola imene yapirira matalala ang'onoang'ono zaka zambiri ikhoza kusweka tsiku limodzi lokha.

Zochitika kunja zikugwirizana ndi masamuwa. Mu Meyi 2017, matalala oopsa anagwa m'dera la Denver ku America n'kuphwanya mawindo a galimoto zambiri. Pa malo ofufuzira za mphamvu a NREL ku Golden, mwa masola oposa 3,000, inasweka ndi imodzi yokha. Koma mu Malichi 2024, matalala akuluakulu anaswa masola ambirimbiri pa famu ya magetsi ya Fighting Jays ku Texas. Galasi ndi lolimba, koma lili ndi malire.

Vuto lina silioneka ndi maso. Galasi likhoza kukhala bwinobwino, koma timaselo ta mkati tang'aluka. Ming'alu imeneyi imakula pang'onopang'ono, chifukwa masana sola imatentha n'kufutukuka, usiku imazizira n'kufinyika. Mungodabwa batire ikutha msanga kusiyana ndi kale. Kuponda sola, kuigwetsa kapena kuitsamiritsa ndi njerwa kumabweretsanso ming'alu yomweyi.

Komabe matalala akuluakulu ngati dzira sagwa kawirikawiri. Pakhomo, mdani wamkulu ndi mphepo imene imabwera limodzi ndi matalalawo. Mukudziwa mmene mphepo ya mvula yoyamba imasasulira madenga a nyumba ndi a masukulu. Ikathamanga pamwamba pa denga imakoka zinthu m'mwamba, ndipo ikalowa pansi pa sola imaikankha. Sola yongosanjika pa malata n'kutsamiritsa mwala, kapena yomanga ndi linya, imauluka basi. Ikagwa pansi, mayeso a IEC aja sathandizanso.

Pali adani enanso atatu. Mphezi ikagwa pafupi, magetsi ochuluka amatha kulowa m'mawaya n'kuotcha kontirola kapena invetala. Madzi akalowa m'kabokosi kakuseri kwa sola kapena pamene mawaya analumikizidwa mwachisawawa, dzimbiri limayamba. Kutentha nakonso kumaba magetsi. Mawatsi olembedwa kuseri kwa sola anayezedwa timaselo tili pa 25°C, ndipo digiri iliyonse yoonjezera imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti. Sola yogona pa malata otentha mu Okutobala ikhoza kufika 60°C, ndiye werengani nokha.

Ndiye mungawathandize bwanji kunyumba? Pogula, yang'anani kuseri kwa sola ngati palembedwa IEC 61215, ndipo sankhani ya galasi ndi felemu yolimba. Poika, felemu imangidwe ndi mabawuti ku mitengo ya denga, osati ku lata lokha. Siyani mpata pansi pake kuti mpweya uzidutsa. Popeza tili kummwera kwa equator, sola iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri pafupifupi 15. Kupendekekako kumathandiza kuti mvula izitsuka fumbi, komanso talala likamenya mopendekera silikhala ndi mphamvu ngati lomenya molunjika. Ngati sola yanu ndi yaing'ono yoyanika pabwalo, mtambo ukada ilowetseni m'nyumba. Mabingu akayamba, chotsani mafoni pa tchaja, ndipo musakwere padenga ngakhale pang'ono.

Mvula ikatha, yenderani sola. Galasi likasweka musagwire mawaya ndi manja onyowa, chifukwa sola yosweka imapangabe magetsi dzuwa likawala. Iphimbeni ndi chiguduli kapena katoni, kenako itanani wodziwa za magetsi.

Nayi ntchito ya kalabu ya sayansi chaka chino. Matalala akagwa ndipo kunja kwachita bata, tolani akuluakulu asanasungunuke, muyeze ndi rula, mulembe tsiku ndi mudzi. Onani ngati pali lina lopitirira mamilimita 25. Masukulu angapo a ku Dowa ndi Ntchisi atachita zimenezi mpaka Epulo, mungadziwe bwino kukula kwa matalala a kwanu, ndipo mungakhale ndi chowauza makolo akamapita kukagula sola.