Mudzi (matenda)

Mudzi ndi matenda amene amayamba pamene timinofu tokhala ndi mitsempha yambiri ya magazi, timene tili kumapeto kwa njira yotulukira chimbudzi, tatupa kapena tatsetsereka n'kumatulukira kunja. Munthu aliyense amabadwa nato timinofuti ndipo timathandiza kuti njirayo izitsekeka bwino. Mu 1975 dokotala wa ku England, W. H. F. Thomson, anasonyeza kuti vuto limabwera pamene zogwira timinofuti zafooka. Nkhani ino ikufotokoza mmene zakudya ndi kakhalidwe zimachepetsera vutoli, makamaka kumidzi ya kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba.

Zizindikiro ndi zoyambitsa

Chizindikiro chofala ndi magazi ofiira kwambiri amene amadontha munthu akamaliza kudzithandiza, kawirikawiri popanda ululu. Ena amamva kuyabwa, kunyowa, kapena kachotupa kotuluka pochima. Madokotala amagawa mudzi wam'kati m'magulu anayi: wosatuluka, wotuluka n'kubwerera wokha, wofuna kuukankha ndi chala, ndi wosabwereranso. Zakudya zimathandiza kwambiri pa magulu awiri oyambawo.

Chimene chimakulitsa vutoli ndi kuchima. Munthu wodzimbidwa amachima nthawi yaitali, magazi amadzazana m'mitsempha ija, ndipo chimbudzi cholimba chimakanda podutsa. Kutsegula m'mimba kosatha, uchembere, ukalamba ndi kunyamula zolemera kumawonjezeranso.

Ufa, mpunga ndi nsomba

M'zomera muli tizinthu tosagayika m'mimba timene akatswiri amatitcha fibre. Ndi timene tili mu gaga wa chimanga, m'makoko a nyemba ndi m'masamba. Timasunga madzi m'matumbo, choncho chimbudzi chimakhala chofewa ndipo chimatuluka mosavuta. Denis Burkitt, dokotala amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, analemba mu 1972 kuti mudzi sunkaoneka kawirikawiri pakati pa anthu akumidzi a mu Africa odya zosakonola. Mfundo yake ina anthu anaitsutsa, koma ya fibre inapirira: mu 2005 bungwe la Cochrane litaphatikiza zofufuza zingapo linapeza kuti kuwonjezera fibre kumachepetsa kutuluka magazi ndi pafupifupi theka. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 25 a fibre patsiku.

Apa ndi pamene chakudya cha kunyanja chimaperewera. Dera la Likangala ndi lotchuka ndi mpunga, ndipo padoko la Kachulu pamatsika matemba, milamba ndi makumba. Zonsezi ndi chakudya chabwino, koma nsomba ilibe fibre ngakhale pang'ono, ndipo kapu ya mpunga woyera wophika siikwanitsa n'komwe galamu imodzi. Ufa woyera nawo, umene chimanga chake chimakonoledwa n'kuviikidwa, umakhala utataya gaga wake. Mbale ya nsima yoyera ndi mlamba wowamba imakhutitsa, koma munthu akaidya m'mawa ndi madzulo kwa mlungu wathunthu asadabwe akadzimbidwa. Vutoli limakula kwa asodzi amene amakhala masabata angapo m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa nyanja, kumene masamba ndi zipatso sizifika kawirikawiri.

Chothandiza choyamba chili kuchigayo. Mgaiwa, ufa wogayitsa chimanga chosakonola, umakhala ndi gaga yense, ndiponso sutaya chimanga chambiri ngati mmene kukonola kumatayira. M'mabanja ena anthu amauona ngati ufa wa nthawi ya njala, ndipo maganizo amenewa ndi amene amavuta kusintha kuposa matumbo. Amene sanauzolowere angayambe ndi kusakaniza theka mgaiwa theka woyera, kapena kuyamba ndi phala la m'mawa.

Chachiwiri ndi ndiwo za nyemba. Nandolo amalimidwa kwambiri ku Zomba, ndipo kapu imodzi ya nandolo wouma wophika ili ndi magalamu pafupifupi 11 a fibre, kutanthauza pafupifupi theka la zofunika patsiku. Khobwe, nzama ndi nyemba zimachitanso chimodzimodzi. Chipere n'chokoma, koma popeza makoko amachotsedwa, wodwala mudzi ndi bwino adye nyemba zamakoko. Masamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi therere akhale pambali pa nsomba tsiku lililonse. Mfutso sutaya fibre ukauma, ndipo ndi wopepuka, moti msodzi angautenge m'bwato pamodzi ndi ufa. Papaya, mango, mapeyala, malambe ndi mbatata yodya ndi khungu lomwe zimawonjezera.

Kusintha kuchitike pang'onopang'ono, kwa masabata awiri kapena atatu. Wothamangira nyemba zambiri tsiku limodzi amatupidwa ndi mpweya n'kuganiza kuti chakudyacho chamulakwira.

Madzi

Fibre wopanda madzi angathe kuumitsanso chimbudzi. Anthu ambiri amafunika malita awiri kapena kuyandikira pamenepo patsiku, ndipo wogwira ntchito padzuwa la Okutobala amafunika oposa apo. Njira yosavuta yodziwira ndi mkodzo: ukhale woyezuka, osati wachikasu kwambiri.

Kunyanja ya Chilwa langizoli lili ndi msampha wake. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, madzi ake ndi amchere, ndipo kolera yabukako kangapo, moti mu 2016 asodzi ndi anthu a m'mphepete mwake analandira katemera wakumwa. Choncho madzi owonjezerawo akhale a pamjigo, owiritsa kapena othira klorini. Kachasu ndi mowa wina sizilowa m'malo mwa madzi, chifukwa zimachititsa thupi kutaya madzi.

Kuchimbudzi

Munthu apite akangomva kufuna, asasunge mpaka madzulo, pakuti chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo chimauma. Asachime, ndipo ngati palibe chikutuluka patatha mphindi zochepa, adzuke. Kunjuta, monga zimakhalira pachimbudzi chokumba, kumawongola njira ndipo kumachepetsa kuchima. Wokhala pachimbudzi chamadzi angaike mapazi pakampando. Zisononkho, masamba okhakhala ndi mapepala olimba zimakanda potupapo. Kutawasa ndi madzi oyera, monga amachitira Asilamu ambiri a m'derali, n'kupukuta mosakhula, ndiye kwabwino.

Pakatupa ndi kuwawa, kukhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, kumapepuza. Panado amathandiza, pamene mankhwala okhala ndi codeine amadzimbitsa. Ponyamula matumba a mpunga kapena pokoka khoka, munthu azipuma bwinobwino osagwira mpweya. Tsabola sayambitsa mudzi, ngakhale ena amamva kutentha akadya kambuzi wambiri. Amayi oyembekezera amene mapiritsi owonjezera magazi akuwadzimbitsa asawasiye okha. Awonjezere masamba ndi madzi, ndipo akanene kusikelo.

Magazi osachokera ku mudzi

Si magazi onse a m'chimbudzi amene ali a mudzi, ndipo kwa anthu okhala m'madzi tsiku ndi tsiku, m'minda ya mpunga kapena panyanja, mfundoyi ndi yaikulu. Likodzo la m'matumbo limatulutsa magazi m'chimbudzi, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel, osati mgaiwa. Kamwazi amabwera ndi kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi. Kang'alu ka pakhungu la kotulukira chimbudzi kamapweteka ngati lezala. Khansa ya m'matumbo nayo imatha kuyamba ndi magazi. Mwana wamng'ono akatuluka thumbo, zimene ambiri amatinso watuluka mudzi, limenelo ndi vuto lina lofunika kuchipatala.

Munthu apite kuchipatala msanga ngati magazi ndi ambiri, akuda kapena osakanikirana ndi chimbudzi, ngati akuonda, akuchita chizungulire, m'maso mwayera, kapena ngati wayamba kuona magazi ali ndi zaka zoposa 40. Apitenso ngati wasintha zakudya kwa masabata angapo koma palibe kusintha. Kudula chotupacho ndi lezala kapena kupakapo mankhwala owotcha n'koopsa, chifukwa pamalopo pali mitsempha yambiri ndipo bala lake limalowa tizilombo msanga.

Zipatala zing'onozing'ono za m'derali zimatumiza odwala ofunika opaleshoni ku Zomba Central Hospital. Njira zodziwika padziko lonse ndi kumanga chotupa ndi kamphira kuti chifote, imene Barron anaifalitsa mu 1963, ndi kuchidula m'njira imene Milligan ndi Morgan anafotokoza ku London mu 1937. Wochitidwa opaleshoni amalangizidwabe kudya za fibre ndi kumwa madzi okwanira pamene bala likupola, chifukwa mudzi umatha kubwereranso ngati kudzimbidwa sikunathe.