Kabuleta Imanamiziridwa, Pampu Imaiwalika: Zikhulupiriro ndi Zoona pa Injini Zakale za Maboti

Injini zomangirira kumbuyo kwa boti zimakhalitsa kuposa makampani amene anazipanga. Ole Evinrude anayamba kugulitsa zake ku Milwaukee, m'dziko la America, cha m'ma 1909. Kampani ya OMC, yomwe inkapanga Johnson ndi Evinrude, inagwa m'chaka cha 2000, ndipo mu 2020 injini za dzina la Evinrude zinasiyiratu kupangidwa. British Seagull ya ku Poole, ku England, inatha mu 1996. Koma injinizo zikadalipo ndipo zikulirabe. Ku America kuli gulu lotchedwa Antique Outboard Motor Club la anthu amene amazitola m'magalaja, kuzipala dzimbiri ndi kuzibwezera pamadzi. Kwathu kuno, Yamaha Enduro imene ikukankha boti la asodzi a usipa ku Nkhotakota kapena ku Monkey Bay si yakale motero, koma m'kati mwake muli zomwezo: petulo wosakaniza ndi oyilo, kabuleta, ndi pampu ya madzi ya impela ya labala. Zimene anthu amaphonya pa injini ya 1957 ndi zomwenso zikuphonyedwa pagombe lero.

Gwero la kuphonyako ndi limodzi. Kabuleta ili poyera. Ukangovula chivundikiro cha injini waiona kale, ndi tisingano take tokopa dzanja kuti litembenuze. Pampu ili kumunsi, pamwamba pa giyabokosi, ndipo suiona mpaka utamasula mabawuti. Ndiye kabuleta imasenza milandu imene sinapalamule, pamene pampu, yomwe ingaphe injini m'mphindi zochepa, amangoiyesa yabwino chifukwa palibe waiyang'ana.

"Ikakana kulira, ndi kabuleta basi." Mawu amenewa awonongetsa makabuleta ambiri omwe analibe vuto. Injini imafuna mpweya wopanikizika bwino m'silinda, moto wa pulagi wobwera pa nthawi yake, kenako mafuta. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi ziwiri zoyambazo, chifukwa kabuleta ungaitsuke chotani singadzutse injini yopanda moto. Pa Johnson ndi Evinrude za m'ma 1950, makoyilo a pansi pa fulayiwilo ndi odziwika ndi kung'ambika. Ukachotsa fulayiwiloyo umapeza chikutiro cha koyilo chachita ming'alu ngati dothi la kudambo mu Okutobala, ndipo moto umathawira m'ming'alumo m'malo mopita ku pulagi. Injini ya koyilo yofooka imatha kulira ili yozizira, n'kuthima ikatentha, n'kudzaliranso itapuma, mwini wake n'kumalumbira kuti mafuta ndiwo akudukiza. Kamoto kooneka pa pulagi yogonekedwa pa chitsulo si umboni wokwanira, pakuti moto wofooka umadumpha panja koma umalephera m'silinda momwe mpweya wapanikizika. Moto wodalirika umadumpha mpata wa mamilimita pafupifupi 6, uli wabuluu, ndipo umamveka kuthetheka.

Nthawi zina vuto lili ku thanki. Pa chitsekerero cha thanki yamakono pali kabowo kolowetsa mpweya. Kakatsekeka, injini imalira pang'ono n'kuthima, ndipo thanki ya pulasitiki imaoneka yophwa m'mbali. Mathanki a OMC a m'ma 1950, aja a mapaipi awiri, ndi osiyana kotheratu: injini imapopera mpweya m'thanki kuti mpweyawo ukankhe mafuta, choncho thankiyo iyenera kutsekeka ndithu. Gasiketi ya chitsekerero ikangotha, kabuleta imauma ngakhale thanki ili yodzaza.

Tsopano tinene kuti vuto lilidi mu kabuleta. Ambiri amakhulupirira kuti kupopera mankhwala pakamwa pake injini ikulira ndiye kutsuka. Mankhwalawo amangodutsa m'njira ya mpweya n'kukapsa m'silinda. Safika m'kambale ka mafuta kapena m'timabowo ta majeti, kumene petulo wogona miyezi amauma n'kusiya phula lonunkha. Kutsuka kwenikweni ndi kumasula, kuchotsa fuloti, singano ndi majeti, kuviika zitsulo zokhazokha, n'kuuzira mpweya m'njira iliyonse mpaka utaona kuti ukutulukira mbali inayo. Ndipo apa pali chizolowezi chimene ndimadana nacho kwambiri: kutokosa jeti ndi singano yosokera kapena waya wolimba. Jeti ndi ya mkuwa, chitsulo chofewa, ndipo kukula kwa kabowo kake ndiko muyeso wa mafuta. Ukakakulitsa pang'ono pokha, injiniyo idzakhala ikumwa mafuta opitirira mpaka utagula jeti ina. Nayiloni ya mbedza imachotsa litsirolo osakanda mkuwa.

Tisingano tosinthira mafuta natonso timavulala ndi dzanja lolemera. Pali oganiza kuti kumanga zolimba ndiko kutseka bwino, koma nsonga yake ndi yosongoka mosamala, ndipo ukaikanikiza imachita mzere wozungulira umene umamveka ndi chikhadabo. Singano yotere sisinthikanso bwino. Imayenera kungokhudza pang'ono, kenako n'kubwezedwa. Pa Johnson ndi Evinrude zambiri zakale, singano ya liwiro lochepa imabwezedwa kamodzi ndi theka monga poyambira chabe. Kusintha kwenikweni kumachitika injini itatentha, ili m'giya, ikukankha boti. Amene wasintha kabuleta injini ili m'diramu la madzi pa nyutulo sanamalize ntchito. Injini imanena yokha: mafuta akachepa imayetsemulira ku kabuleta n'kufuna kuthima, akachuluka imatulutsa utsi wambiri ndi kulira modumphadumpha.

Ena amachepetsa dala mafuta pa singanoyo pofuna kupulumutsa ndalama. Injini yoteroyo imamvekadi yopepuka, koma m'injini zimenezi oyilo alibe njira ina yolowera kupatula kutsagana ndi petulo. Kuchepetsa petulo ndi kuchepetsanso oyilo, kwinaku kutentha kukukwera. Pa injini ya makabuleta awiri kapena atatu, jeti imodzi ikatsekeka, masilinda enawo amapitiriza kuzungulitsa injini pamene pisitoni ya silinda youmayo ikukhuzika mpaka kugwira.

Za kasakanizidwe ka oyilo, mwamva kuti oyilo wamasiku ano ndi wabwino kotero kuti muyeso wa petulo ndi oyilo wa 50:1 ukwanira pa injini iliyonse. Oyilo ndi wabwinodi, koma m'kati mwa injini ya agogo simunasinthe. OMC inayamba kulamula 50:1 mu 1964. Zisanafike apo zambiri zinkafuna 24:1, ndipo zina zazing'ono zakale kwambiri 16:1, chifukwa zinali ndi mabushi a mkuwa amene amadalira oyilo wochuluka. Seagull inkafuna 10:1, ndipo inasamukira ku 25:1 cha m'ma 1978. Muyeso umatsata injini, osati botolo.

Nkhani ya ethanol ikutikhudza ife mwachindunji, popeza ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Kunena kuti petulo wotere amapha injini yakale n'kukokomeza. Chimene ethanol amadya ndi mapaipi akale a labala ndi vanishi wa shellac amene ankapakidwa pa mafuloti a cork. Vanishiyo akasungunuka, fuloti imamwa mafuta n'kumira, kabuleta n'kumasefukira. Ethanol amakokanso chinyezi, choncho mafuta ogona nthawi yaitali amasonkhanitsa madzi pansi pa thanki. Mapaipi amakono, fuloti ya pulasitiki, ndi kukhuthula kambale injini ikamakasungidwa zimathetsa nkhaniyo.

Kumunsi kwa injini zikhulupiriro n'zochepa, koma mtengo wake ndi wokwera.

Wogulitsa amati, "Injini iyi sinagwire ntchito kwenikweni, yangokhala m'nyumba zaka khumi, zonse m'katimo n'zatsopano." Pa impela, mawu amenewa ndi chenjezo. Impela ndi kagudumu ka labala ka mapiko, kokhala m'chikho chimene sichili pakati penipeni pa shafiti, kotero kuti mbali imodzi mapikowo amakhala opindika. Injini ikamayenda pang'onopang'ono, kupindika ndi kuwongoka kwa mapikowo ndiko kumayamwa ndi kukankha madzi. Liwiro likakwera, mapikowo amagonera m'mbuyo ndipo madzi amaponyedwa ndi kuzungulira. Labala ikakhala zaka itapindika malo amodzi imauma momwemo. Ukaitulutsa, mapiko ena amakhala atakhota osawongokanso, ndipo ukawapinda ndi chala umaona timing'alu patsinde pake. Impela yongokhala imawonongeka mofanana ndi yogwira ntchito, mwinanso kuposa. N'chifukwa chake injini yomwe mbiri yake suidziwa imayenera impela yatsopano isanalizidwe n'komwe.

"Ndingoiliza pang'ono pamtunda kuti mumve." Madzi ndiwo amatereretsa impela m'chikho chake. Popanda madzi, labala imakhuzana ndi chitsulo chouma shafiti ikuzungulira maulendo mazanamazana pa mphindi, ndipo m'masekondi ochepa nsonga za mapiko zimapsa. Chopweteka n'chakuti injiniyo imatha kupopabe madzi tsikulo, n'kudzalephera sabata yotsatira boti lili pakati pa nyanja. Ngakhale m'diramu, madzi ayenera kupitirira pamene pali pampu, osangomiza pulopela yokha.

Kenako pali kabowo kaja kolavula madzi pambali pa injini, kamene anthu amakakhulupirira ngati woweruza. Kakamalavula amati zonse zili bwino, kakasiya amati pampu yafa. Zonse ziwiri zimatha kukhala zabodza. Kabowoko n'kakang'ono, kamatsekeka ndi mchenga kapena ndi dothi la mavu omanga chisa injini ikakhala pamthunzi, pampu ili bwinobwino. Komanso pa injini zambiri madzi ake amapatuka asanazungulire mutu wonse, kotero kamatha kulavula pamene themositati yakakamira ndipo mutu ukupsa. Johnson ndi Evinrude zambiri za m'ma 1950 ndi 1960 zilibe n'komwe kabowoko. Madzi amatuluka ngati nthunzi yonyowa pa timabowo ta utsi kumbuyo kwa injini, ndipo munthu amayesa poika chikhatho pamenepo. Muyeso woona ndi kutentha kwa mutu wa injini. Themositati zambiri zimatseguka pa madigiri pafupifupi 60, kutentha koti dzanja lingapirire masekondi angapo. Ngati dzanja silingakhudze n'komwe, kapena penti ya pamutu yayamba kusintha mtundu, injini ithimitsidwe pomwepo.

Pofuna kuthana ndi kutentha, ena amachotsa themositati n'kuitaya, amati dziko lathu n'lotentha kale. Injini yopanda themositati imayenda yozizira mopitirira, oyilo sapsa bwino, mwaye umaunjikana pa maring'i ndi pa mapulagi, ndipo kulira kwa pansipansi kumasokonekera. Mwini wake akaona zimenezi amabwereranso kukatembenuza kabuleta yosalakwa ija.

Seagull ili ndi nkhani yakeyake, ndipo amene amaiweruza ndi malamulo a Johnson amasokera. Impela yake ndi yolimba ndipo sikhudza makoma a chikho, choncho sipsa ngati ya labala, koma imapopa pang'ono injini ikamayenda pansipansi ndipo imafuna kumizidwa mokwanira. Madzi akasiya kutuluka pa Seagull, kawirikawiri vuto limakhala dzimbiri lodzaza m'njira za madzi za silinda yake yachitsulo, osati pampu.

Chikhulupiriro chomaliza n'chakuti ukaika impela yatsopano ntchito yatha. Yambani mwawerenga mapiko a impela yakale. Ngati limodzi lasowa, silinasungunuke. Lili penapake m'paipi yokwera kumutu kapena pa themositati, ndipo lidzatseka madzi kufikira mutalitulutsa. Yang'anani chikho ndi mbale yachitsulo ya pansi pake. Nyanja ya Malawi ilibe mchere wodya zitsulo, koma boti lokocheza pamchenga injini ikulira limamwetsa pampu mchenga, ndipo mchengawo umakumba mizere imene impela yatsopano singatseke. Kakiyi komangirira impela ku shafiti kamagwa mosavuta pobwezera. Kakasowa, shafiti imazungulira yokha impela itaima. Pobwezera chikho, pakani sopo wamadzi pang'ono pa mapiko, ndipo pa injini zambiri shafiti izungulitsidwe mmene imayendera mivi ya wotchi mukayang'ana kuchokera pamwamba, kuti mapiko agonere mbali yoyenera. Pokweza giyabokosi, onetsetsani kuti paipi ya madzi yalowa m'labala yake pamwamba pa pampu, chifukwa ikaphonya, pampu yatsopanoyo imangothira madzi m'njira ya utsi. Zonsezi zikakhala m'malo koma mutu n'kumatenthabe, kayang'aneni gasiketi ya mutu: ikapsa, utsi wa m'silinda umalowa m'njira za madzi n'kuwakankhira m'mbuyo, ndipo pulagi ya silinda imeneyo nthawi zambiri imatuluka yoyera ngati yotsukidwa, mwinanso ili ndi timadontho ta madzi.