Pa Cisanu, ba draiva anatsika basi isanadzale

Cisanu catha ndinali pa sitesheni ya Chongwe, m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kudikira basi yobwerera ku tauni. Kunatsala anthu atatu cabe kuti idzale. Nthawi itapitirira 12:30, ba draiva anazimitsa injini, napereka makiyi kwa mnzawo, iwo n'kuuyamba wapansi. Amai ena onyamula tomato anayamba kudandaula kuti manje tigona pano. Sitinagone. Mnzawo uja anatipereka mpaka ku Lusaka bwinobwino.

Panjira ndinafunsa ba kondakita. Anandiuza kuti ba draiva ndi Msilamu, ndipo apita ku mzikiti ku pemphero la pa Cisanu masana. Amene anagwira stiyelingi ndi wa Sabata. Awiriwa anapangana okha: wa Sabata amayendetsa ulendo wa masana pa Cisanu, Msilamu n'kumuyendetsera yake pa Ciweru. Mwini basi safunsa zambiri malinga ndalama ya tsikulo yakwana madzulo.

Mukwera basi tsiku lililonse, mudziwa kuti ulendo umodzi wa mu Great East Road ukaphonyeka, ndiwo za kunyumba zapita. Ndiye ola limenelo si laulere. Pali amene amalilipira.

Ku Kamwala tinazolowera kuona masitolo ena atatsekedwa pa Cisanu masana. Kumeneko n'kosavuta cifukwa wopemphera ndiye mwini sitolo. Vuto lili kwa wolembedwa nchito: mlonda wa pageti, wa pa famu ya nkhuku ku Chongwe, mtsikana wa pa tilu amene afuna kuvala mpango kumutu pamodzi ndi yunifomu. Awa amadalira mtima wa abwana.

Malamulo ali kumbali yawo. Zoona, pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mau amenewa analowa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1996. Koma malamulo omwewo, pa gawo 19, amateteza ufulu wa munthu aliyense wotsatira cipembedzo cake. Lamulo la Employment Code la 2019 nalonso limaletsa kusala wanchito cifukwa ca cipembedzo. Komabe ndani angatengere abwana ake ku ofesi ya za nchito pa nkhani ya ola limodzi, pamene pageti pali anthu khumi ofuna malo ake?

Kalenda yathu nayo imaonetsa mbali. Sondo, Khrisimasi ndi Isitala tonse timapuma osapempha. Eid si holide kuno, pamene kwa anansi athu ku Malawi tsiku lotsekera kusala kudya kwa Ramadan dziko lonse limapuma. Msilamu wa kuno ayenera kupempha tsikulo, mwina n'kudulidwa malipiro.

Cimene ndinaona pa Chongwe sicinafune komiti kapena kalata. Abwana ambiri angathe kucita cimodzimodzi: kusuntha nthawi ya lanchi pa Cisanu, kulola anthu kusinthana mashifiti, kufunsa msanga kuti Eid ikugwa liti. Nchito siima.

Titafika mu tauni, amai a tomato aja anatsika ali cete, koma analipira ndi ya katundu osakangana. Ba kondakita akuti pa Ciweru ndikakwera basi inayo, ndidzapeza nkhope ya ba draiva aja kutsogolo.