Kuwala kowotcha komwe kungapulumutse maso a othyola tiyi

Kuthyola tiyi ndi ntchito ya maso, manja amangotsatira. Mayi wa dengu kumsana m'minda ya Satemwa, Conforzi kapena Makandi amasankha masamba awiri anthete ndi kansonga kake pakati pa zobiriwira zokhazokha, kuyambira m'mamawa mpaka nthawi ya sikelo. Diso likayamba kuchita chifunga, makilo a tsikulo sakwana, ndipo apabanja amazindikira vutolo dokotala asanalione. N'chifukwa chake nkhani ya laser, ngakhale imamveka ngati ya kunja, ndi ya ku Thyolo kuno.

Laser ndi kuwala kwa mtundu umodzi kofinyidwira m'kanjira kopyapyala, kotha kutentha kapena kusema kadontho kamodzi popanda kukhudza mnofu woyandikana nako. Makina oyamba anawapanga Theodore Maiman ku America mu 1960. Koma maganizo ochiza diso ndi kuwala anayamba kale. Mu 1949 dokotala wa ku Germany, Gerd Meyer-Schwickerath, ankatchera dzuwa ndi magalasi padenga la chipatala ku Hamburg n'kulilozetsa m'diso la wodwala. Kukachita mitambo, chithandizo chinkadikira.

Lero laser yotchuka ndi ya LASIK, yosema galasi la kutsogolo kwa diso kuti munthu asiye mandala. Ndi yodula, ndiponso si imene wothyola tiyi akuisowa.   

Laser zofunika kwathu kuno ndi zina. Matenda a shuga, amene akuchuluka ngakhale kumidzi, amawononga timitsempha ta magazi m'kansalu kakumbuyo kwa diso, kamene kamalandira zonse zomwe timaona. Kansaluka kakasowa mpweya, kamameretsa timitsempha tatsopano tofooka, todontha magazi. Dokotala amawotcha dala timadontho tambirimbiri m'mbali mwa kansaluka kuti timitsemphato tifote, pakati pake patetezeke, monga momwe mlimi amatenthera lambulo kuti moto wolusa usafike pankhokwe. Chithandizochi chimachitika ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, ku Gulupu mu Blantyre, makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa boma la Thyolo. Mtundawu ndi waufupi kwa wa galimoto. Kwa wolandira patsiku, ndi ndalama ya minibasi kupita n'kubwera, womuperekeza, ndi tsiku lathunthu losapita kumunda.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya glaucoma. Madzi a m'diso akalephera kutuluka bwino, amapanikiza mtsempha waukulu woonera mpaka kuupha, pang'onopang'ono, nthawi zambiri popanda ululu. Matendawa amavuta kwambiri anthu akuda. Mankhwala ake odziwika ndi odontheza m'maso tsiku lililonse moyo wonse, ndipo tikudziwa zomwe zimachitika botolo likatha mwezi usanathe. Pa chipatala cha KCMC ku Moshi, m'dziko la Tanzania, madokotala anayerekeza mankhwala odontheza a timolol ndi laser yofatsa yotchedwa SLT, imene imatsegula njira za madziwo m'mphindi zochepa chabe. Zotsatira zinatuluka mu 2021: patatha chaka, laser inali itagwira ntchito pa maso 61 mwa 100 alionse, pomwe mankhwalawo anathandiza 31 okha. Amene anayesedwawo ndi anthu onga ife, okhala kutali ndi chipatala, a m'thumba mopepuka.

Pali chimodzi choti wina asanamizidwe nacho. Pa matenda awiriwa, laser siibweza maso amene afa kale, imateteza otsalawo. Ng'ala ndi ina, imachotsedwa pa opaleshoni munthu n'kuonanso, ndipo chifunga chikabwerera pambuyo pake laser ya YAG imachiboola wodwala atakhala pampando. Koma wa glaucoma akafika akupapasa khoma, palibe makina angamuthandize.

Ndiye ntchito yaikulu ili kuno komwe, osati ku Blantyre. Maesiteti ali ndi makiliniki awo, chipatala cha boma chilipo, Malamulo ku Makwasa yakhala ikuthandiza anthu kwa zaka zoposa 100. Dziko lino linathetsa kale trachoma monga vuto la anthu ambiri, ndipo bungwe la WHO linatsimikiza zimenezi mu 2022, chifukwa azaumoyo anatsatira anthu kumidzi kwawo. Momwemonso, wodwala shuga aliyense wa pa esiteti aziunikidwa kumbuyo kwa diso kamodzi pachaka, wazaka zoposa 40 aziyezedwa glaucoma pakiliniki pomwepo, ndipo wotumizidwa ku Gulupu azipatsidwa galimoto ya kampani, tsikulo n'kulembedwa kuti wagwira ntchito.